Njerwa Zosaviika

Chaka chimene ndinakwatira ku Nsefu, njovu zinaphwasula nkhokwe ya apongozi anga mu Ogasiti. Tinadzuka m'mawa n'kupeza nsungwi zili mbwee pabwalo, denga lili uko patsinde pa mango, ndowe zikadali kufuka nthunzi. Chimanga chotsala tinatola ndi manja, china m'fumbi, china m'mapazi a njovu momwemo. Titatonola chinakwana matumba oti tikadya mosamala tifika nacho pa dowe. Tinachilowetsa m'nyumba, koma aliyense ankadziwa kuti njovu ikanunkhiza chimanga siona kuti apa pali chipupa.

Ine kwathu ndi ku Jumbe, m'mbali mwa msewu. Sukulu ndinalekeza giredi seveni, tsiku limene aphunzitsi anaseka kawerengedwe kanga ine n'kumenyetsa buku pansi, kutuluka osacheuka. Ndine wamtima wapachala, sindibisa. Amene ndakangana nawo pa siteji ya minibasi angadzaze minibasi yomweyo. Koma mtsikana wa ku Nsefu uja, amene ndinakumana naye akugulitsa nsomba zouma, sankaopa mkwiyo wanga. Ndikayamba kufufuma ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mukamaliza mundiuze." Ine n'kuseka. Ndinamutsatira kwawo kukakhala mkamwini.

Pakhomopo panali apongozi aamuna ndi ana awo aakazi awiri: mkazi wanga, ndi mkulu wake, mlamu wanga, amene mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira ana atatu. Apongozi aakazi anali atatsogola kale. Apongozi aamunawo anali mmisiri womanga, anagwira zaka zambiri m'maloji a ku Chinzombo mpaka msana unawakana. Ankayenda ndi ndodo, akulankhula pang'ono.

Ndi ine sankalankhula n'komwe. Mwambo wa pakhomopo unali woti mkamwini watsopano sayang'anizana ndi apongozi ake mpaka mwana woyamba abadwe, aphe nkhuku, adyere pamodzi. M'mawa ndinkanjuta chapatali, kuomba m'manja, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Mawu ena onse ankadzera mwa mkazi wanga. Iwo akafuna chinthu ankauza mwana wawo, mwana wawo n'kudzandiuza ine. Ndipo mawu akayenda choncho amafika ali lamulo lokhalokha, chifukwa chake chatsala m'njira.

Mwezi wanga woyamba anandituma kuzula chitsa cha mtondo kuseri kwa khola, pamalo poti palibe akanadzalapo kanthu. Ndinalimbana nacho masiku anayi. Mlamu wanga ankadutsa ndi mbale zake n'kuima.

"Alamu, mwaswera bwanji ndi mnzanuyo? Wagwedezeka?"

"Chokani apa, alamu."

"Limbikirani. Kuno mkamwini timamuyesa ngati poto wa pamsika, kumugogoda kaye timve ngati ali ndi mng'alu."

Ankanena moseka, monga achitira alamu. Koma ine ndinazisunga. Kuyambira pamenepo chilichonse chochokera kwa apongozi ndinkachimva ngati kugogodedwa.

Njovu zitachita zija, apongozi anati timange nkhokwe ya simenti, yozungulira ngati mtsuko, chipupa cha njerwa, pansi pa konkire, chivundikiro cha konkire, ndi kabowo kamodzi m'munsi kotulutsira chimanga. Simenti anagula atagulitsa thonje. Mchenga unalipo wambiri kumtsinje wouma. Vuto linali miyala. Kuchigwa kuno ungakumbe mpaka kutopa, upeza makande ndi mchenga basi. Miyala ya konkire imabwera pa lole kuchokera kumtunda, ndipo si ya anthu ngati ife. Apongozi anati tiphwanye njerwa zootcha zimene zinatsala pa uvuni wakale, zikhale m'malo mwa miyala. Njerwa yophwanya ndi yopepuka, ili ndi timabowo ngati buledi, koma iwo anati ikagwiridwa bwino imagwira ntchito.

Ndinakhala pansi pa mango ndi hamala milungu iwiri, kuphwanya njerwa kuti zikhale ngati mazira a nkhunda. Fumbi lofiira m'mphuno, m'makutu, m'mano. Manja anachita matuza, matuzawo n'kuphulika. Zimenezo sindinadandaule. Ntchito yooneka mutu wake ndimaikonda.

Nditamaliza, mkazi wanga anabwera n'kugwada pafupi nane. Anali ndi pakati pa miyezi seveni, kugwada kwake kunali kwa pang'onopang'ono.

"Atata akuti njerwa zophwanyazi muziviike m'madiramu tsiku lonse, zigone momwemo. Mawa lake muzivuule, zikhe madzi pamthunzi, kenako ndiye musakanize ndi simenti."

"Kuviika njerwa? Ndi mphale?"

"Atero atata."

"Chifukwa chiyani?"

"Sindinafunse."

"Pita ukafunse."

"Inu, atata safunsidwa chifukwa. Ngakhale amama sankawafunsa."

Mlamu wanga anamva ali pakhonde. "Ee, alamu, lero muzisambitse. Mawa akuuzani muzidzoze mafuta, mkuja muzibereke kumsana."

Tinayamba ndi chivundikiro, chifukwa chinkaumbidwira pansi ndipo chinkafunika masiku ambiri kuti chilimbe. Apongozi anakhala pampando patali pang'ono, akuloza ndi ndodo, mkazi wanga akundibweretsera mawu. Ndinathira njerwa m'madiramu awiri, akazi n'kuthiramo madzi. Njerwa zija zinalira kuti tsiii, thovu n'kukwera, madzi n'kutsika ukuona. Kuthiranso, kutsikanso. Unali Okutobala, dzuwa la kuchigwa lija loti nkhuku zimayenda zili yasa kukamwa. Mjigo unali kutali, kupitirira minda iwiri ya thonje, ndipo nyengo imeneyo unkatulutsa madzi ngati ukuumira, mzere wa ndowa mpaka kumsewu. Njinga ya pakhomo inali itathyoka foloko. Madzi onsewo anabwera pamutu pa mkazi wanga ndi mkulu wake.

Chivundikiro chinatuluka bwino. Konkire yake inali yofewa pa fosholo, yomvera, ukaitsendera ndi thabwa inkakhala pamene waiika. Ndinaona zimenezo, koma sindinaganize kuti n'chifukwa cha kuviika kuja. Maso anga anali pa mapazi a mkazi wanga, amene anatupa mpaka patapata kusiya mzere pakhungu.

Itafika nthawi yothira pansi pa nkhokwe, msana wa apongozi unavuta kwambiri. Mlamu wanga anawaperekeza kuchipatala ku Mfuwe, n'kukagona kwa abale masiku awiri. Anasiya mawu: Lachiwiri aviike, Lachitatu athire. Pansipo pankafunika njerwa zambiri kuposa za chivundikiro, madiramu awiri kawiri. Ndipo wotunga anatsala mmodzi.

Ndikanatha kutenga ndowa ndekha. Izi ndazilingalira nthawi zambiri. Ndikanapita kumjigo, akazi akanandiseka, ine n'kupirira. Ndikanabwereka njinga kwa aneba. Koma m'mutu mwanga munalibe funso loti madzi abwera bwanji. Munali loti mdala ameneyu andiseweretsa mpaka liti.

Cha m'ma teni koloko mkazi wanga anafika ndi ndowa yachinayi. Sanaithire m'diramu. Anaitula pansi, madzi ena n'kutayika, iye n'kukhala pafumbi pomwepo, mutu uli pakati pa mawondo. Milomo yake inali itayera. Ndinamukokera pamthunzi, kumumwetsa madzi. Kenako ndinapita pa diramu lija n'kulimenya theche, linagubuduzika mpaka kukagunda khola.

"Basi! Palibenso kumwetsa njerwa pano. Mkazi wanga afe chifukwa cha masewera a mdala?"

"Inu, ndipuma pang'ono ndipitanso. Dzuwa likapepa."

"Supita. Akufuna aone ngati ndili wopusa mokwanira. Kodi unaonapo ndani ku Jumbe akuviika miyala?"

"Si miyala, ndi njerwa."

"N'chimodzimodzi!"

Madzi amene anatsala m'diramu linalo ndinasakanizira konkire tsiku lomwelo, njerwa zili zouma gwa, zotentha ndi dzuwa. Ndisananyamule fosholo yachitatu, chisakanizo chija chinali chitayamba kale kuuma, chikuphwanyika ngati dothi la pachulu. Ndinawonjezera madzi. Chinafewa kanthawi, n'kuumanso. Ndinawonjezeranso, ambiri, mpaka simenti inayamba kuyenderera pamwamba ngati mkaka, pansi njerwa zili padera. Ndinkathira, kutsendera ndi thabwa, kutukwana. Sizinkagwirana. Mmawa mwake nditachotsa malata amene ndinazunguliza m'mbali, ndinaona mabowo ngati chisa cha njuchi. Ndinakanda simenti ndi mchenga, kumata m'mbali monse ndi pamwamba, kusalaza. Panaoneka pokongola zedi. Madzi otsala ndinawaza m'madiramu ndi pansi pamthunzi, kuti paoneke ngati panakhetsedwa njerwa zonyowa.

Mkazi wanga anaona zonsezo ali pamphasa.

"Ukawauza," ndinatero, "ine nditenga chikwama changa ndibwerere ku Jumbe. Ndatopa kukhala bulu pakhomo pano."

Sanandiuze kuti ndikamaliza ndimuuze. Anangotembenukira kukhoma.

Apongozi atabwera anazungulira pansi paja kawiri. Anagogoda ndi ndodo apa, kugogoda apo, n'kuima nthawi yaitali. Ine ndinali nditanjuta patali.

"Anaviika?" anafunsa mwana wawo.

"Anaviika, atata."

Anagogodanso kamodzi, n'kupita kukakhala.

Chipupa ndinamanga bwino, chimenecho palibe angandinene. Mu Novembala tinathira chimanga m'nkhokwe, amuna anayi n'kukweza chivundikiro. Matumba awiri tinasiya m'nyumba oyamba kudya, kabowo kam'munsi n'kukamata ndi dothi kuopa anankafumbwe. Njovu zinabwera kamodzi, tinaona mapazi m'mawa atazungulira nkhokwe, chipupa chili ndi zokanda, koma sizinaithe. Tsiku limenelo ndinayenda chifuwa chili patsogolo. Ngakhale mlamu wanga anati, "Alamu, kani mulibe mng'alu."

Mu Disembala mwana wathu anabadwa, wamkazi, tsitsi lambiri. Nkhuku ija yodyera pamodzi inalephereka chifukwa chitopa chinali chitasesa khola lonse. Apongozi anatumiza mawu kuti tidikire zokolola, tichite bwinobwino. Ndinkawerenga miyezi. Ndinkafuna tsiku limenelo kuposa momwe ndinkavomerera.

Mvula ya Januwale inagwa sabata yathunthu osapuma. Makande akakhuta salandiranso madzi, ndiye pabwalo panasanduka dambo. Madzi anaima kuzungulira nkhokwe masiku asanu, akufika pakati pa konkire ija, osafika pa chipupa. Apongozi anayang'ana ali pakhonde n'kuuza ana awo kuti asade nkhawa, konkire yotero madzi sangaiboole.

Matumba a m'nyumba anatha kumayambiriro kwa Febuluwale. Mlamu wanga anatenga lichero ndi mpeni, kukagwada pa kabowo kaja, kugumula dothi. Sipanatuluke chimanga. Panatuluka fungo, ngati la masese a mowa ataiwalika mumtsuko. Analowetsa dzanja, n'kutulutsa chibuma chakuda chobiriwira, chotentha, njere zina zitamera timizu toyera.

Sanalire. Anangoti, "Atata," ndi mawu aang'ono oti sindinawamvepo kwa iye.

Tinaitana anthu kudzatsitsa chivundikiro. Chapamwamba chinali chonunkha chuku koma chodyeka ukachitsuka n'kuyanika. Kuyambira pakati kutsika m'munsi chinali chitagwirana ngati manyowa. Tinachikumba ndi fosholo yomwe ija. Titafika pansi, konkire inali yonyowa, yakuda ndi chinyezi, simenti yanga yosalaza ija itasweka ngati chigoba cha dzira. Apongozi anapempha kuti awathandize kusuzumira. Anakanda ndi nsonga ya ndodo, zidutswa za njerwa n'kumasuka zokha.

Anatembenukira kwa mkazi wanga. Anthu onse anali pomwepo.

"Unandiuza kuti anaviika."

Ine ndinali nditanjuta kumbuyo kwa anthu, manja akuda ndi chimanga chowola. Pakamwa panga panali potseguka. Ndikulumbira kuti mawu analipo. Koma mkazi wanga anandichita changu.

"Ndine ndinalakwa, atata. Ndinatopa kutunga. Ndinawauza kuti mwanena kuti za pansi sizifunika kuviika. Iwo sankadziwa."

Aliyense anakhulupirira, chifukwa mawu onse a pakhomopo ankadzera mwa iye. Sanandiyang'ane. Mwana anali kumsana kwake, akugona. Ndipo ine ndinatseka pakamwa.

Ndinatseka masiku naini.

Chimanga chopulumuka sichikanatifikitsa pa dowe, anthu asanu ndi atatu pakhomo. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, kusakaniza ndi gaga. Ana a mlamu wanga ankapita kumunda kukafunafuna maungu osakhwima. Mlamu wanga analeka nthabwala. Analekanso kulankhula ndi mng'ono wake, anthu amene ankagona mphasa imodzi kuyambira ali ana. Mbale ankamuikira pansi osamuyang'ana. Apongozi akamuona mwana wawo akubwera ankayang'ana kumbali, monga ankachitira ndi ine. Kumjigo akazi ankamutcha mkazi wanga waulesi amene anawoletsa nkhokwe. Iye ankadya pomalizira, theka la gawo lake n'kukankhira ana a mkulu wake. Mkaka unayamba kuchepa, mwana akulira kwambiri. M'mawa ankabereka mwanayo n'kupita kukapalira m'minda ya aphunzitsi kuti apatsidwe ufa.

Inenso ndinkapita kuganyu, ndinkabwera ndi kaufa, nthawi zina tinsomba. Ndinkadziuza kuti ndikukonza. Ndinkadziuza kuti ndinena mawa, mitima ikazizira. Anthu ankandimvera chisoni, amuna ena ankandigwira paphewa n'kunena kuti akazi ndi otero. Ine n'kugwedeza mutu. M'nyumba mkazi wanga ankandiikira madzi osamba, ankandiyankha ndikafunsa, koma sanatchule nkhaniyo ngakhale kamodzi. Ndinkaganiza kuti ndiye kuti wandikhululukira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi masana, mwana wamng'ono wa mlamu wanga analira njala mpaka kusanza madzi. Mlamu wanga anatuluka m'khitchini, kukaima pamaso pa mng'ono wake amene ankayamwitsa pakhonde.

"Wamumva? Mumve bwino. Iwe ndi mwamuna wako muli ndi manja anayi. Anga awa bambo awo ali kumanda. Ndowa zingati zimene zinakulemera, iwe? Ndikanabwera ndikanatunga ndekha!"

Mkazi wanga anangowerama. Misozi inagwera pamutu pa mwana.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinaimirira chifukwa cha chisoni. Ayi. Chinandiimiritsa ndi chomwe chija chimandiimiritsa nthawi zonse, moto wokwera kuchokera m'mimba.

"Musiyeni! Ndine! Ndine ndinakana kuviika zinjerwa zanuzo! Iyeyu anandichonderera, ine ndinamenya diramu theche!"

Ndipo sindinalekere pomwepo. Ndinadutsa pabwalo, kukaima chilili pamaso pa apongozi, pafupi moti ndinaona imvi za m'mphuno mwawo. Ndinawaloza chala. Munthu amene ndinali ndisanamuyang'anepo m'maso.

"Ndipo olakwa ndinu! Mumatuma munthu ngati galu, osanena chifukwa! Zula chitsa, sambitsa njerwa! Mkazi wanga anakomoka ndi ndowa chifukwa cha mayeso anu! Mukanandiuza ngati munthu, bwenzi chimanga chili chonse!"

Aneba anali atatuluka m'nyumba zawo. Mwana uja ankasisimabe.

"Akamwini," anatero apongozi, "khalani pansi."

Aka kanali koyamba kundilankhula maso ndi maso. Ndinakhala pansi.

Anatuma mlamu wanga kuti abweretse kapu ya madzi ndi chidutswa cha pansi pa nkhokwe. Chivundikiro chinali chitatsamira pa mango pafupi nawo, anati achigoneke. Anathira madzi pang'ono pa chivundikirocho. Madzi anakhala pomwepo, akunyezimira. Anathira ena pa chidutswa changa. Analowa ngati athira pamchenga, n'kudontha kunsi.

"Zonsezi ndi manja anu," anatero. "Simenti imodzi, mchenga umodzi, njerwa za uvuni umodzi. Njerwa yootcha ili ndi ludzu. Mukaiika youma, imalanda madzi a simenti. Simenti siuma ngati dothi, akamwini, imalimba ndi madzi, pang'onopang'ono, masiku ambiri. Ikalandidwa madzi imafa isanagwire, n'kusiya tinjira. Inu poona kuti yauma munawonjezera madzi, si choncho?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Madzi owonjezerawo pouma anasiya tinjira tina. Koma njerwa yokhuta silanda kanthu. Dzuwa likamaotcha kunja, iyo imabweza madzi ake m'kati pang'onopang'ono, simenti n'kumamwa, tinjira tonse n'kutsekeka. N'chifukwa chake ichi chikukana madzi. Ndinaziphunzira titagumula thanki yathunthu ku Chinzombo."

Anapukuta dzanja pa buluku.

"Chitsa chija ndinakuyesani, inde. Njerwa sindinakuyeseni. Chimanga cha adzukulu anga sindingayesere munthu. Kusanena chifukwa, mwina ndinalakwa, ndinazolowera kuti ndikanena anthu amachita. Tsiku lija nditagogoda ndinamva kuti pakulira mwachilendo. Koma mwana wanga anali asanandinamizepo."

Anayang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali. Mlamu wanga anali atakhala kale pansi pafupi ndi mng'ono wake, atamugwira bondo, akulira mosatulutsa mawu.

Ndinadikira kuti andithamangitse. Mkamwini woloza apongozi chala sagona pamudzi. Koma iwo anati, "Za chala chanu ndi zanga, ndazisiya. Za nyumba yanu si zanga. Mwini wake ndi uyo."

Pamenepo mtima wanga unatsika. Ndinaganiza kuti zatha, ndapulumuka. Zoona ndanena, mdala wandikhululukira, pansi pa nkhokwe ndigumula n'kuthiranso. Mkazi amene ananama kawiri kuti anditeteze sangandisiye.

Mmawa mwake ndikuchokera kumunda ndinapeza chikwama changa chili pakhonde, chomanga bwino. Malaya anga anali ochapa, opinda. Pamwamba panali hamala yanga. Mkazi wanga anali atakhala pafupi, mwana ali pamiyendo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndikuperekezani mpaka pamsewu."

"Iwe, ndanena zoona dzulo pamaso pa anthu onse!"

"Musakuwe, mwana wagona kumene."

Sindinakuwe. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga moto uja sunabwere, ndinaufunafuna osaupeza. Ndinanyamula chikwama. Tinayenda m'kanjira ka m'minda, chimanga chili ndi ngayaye, matope akumata kumapazi. Iye patsogolo, ine pambuyo. Ndinalankhula njira yonse. Ndinati ndikagwira ntchito ku Jumbe ndizitumiza ufa. Ndinati ndinachita zija chifukwa chomumvera chisoni, mapazi ake anali atatupa, anakomoka ine ndikuona. Ndinati ndisintha.

Titafika pamsewu anaima pansi pa mtengo, n'kusuntha mwana kuti ndimuone nkhope.

"Za njerwa sindinakwiye," anatero. "Munalakwa, koma ndinaona chimene chinakupsetsani mtima. Kunama kwa atata ndinanama ndekha, simunandigwire pakamwa. Tsiku la nkhokwe lija ndinalankhula msanga kuti anthu asakuoneni manyazi pagulu. Ndinkati tikalowa m'nyumba mudzati, iwe, tiye tikawauze atata. Ndinadikira tsiku limenelo. Ndinadikira mawa lake. Mumabwera, mumasamba, mumadya, mumandiona ndikupita kumjigo kumene akunditukwana. Amuna anzanu akukupepesani chifukwa cha ine, inu mukugwedeza mutu. Ndinakuonani."

"Ndinkaopa."

"Ndikudziwa. Inenso ndinkaopa. Koma dzulo simunanene chifukwa cha ine. Munanena chifukwa munapsa mtima. Akanapanda kukalipa achemwali, lero likanakhala tsiku la teni."

Ndinafuna kutsutsa. Koma iye anapitiriza.

"Mwana ndi wanu, muzibwera kudzamuona. Atata sakukanizani. Koma ine kugona m'nyumba imodzi ndi munthu amene angandionerere choncho, sindingathe. Ndayesa kuganiza, sindingathe."

Anandilola kumunyamula mwanayo pang'ono. Anali wopepuka kuposa sabata yapitayo. Anadzuka, kundiyang'ana, kugwira batani la malaya anga. Kenako mayi ake anamutenga, kumuponya kumsana, kumanga chitenje.

"Pitani bwino," anatero, ndi ulemu wonse, ngati akutsanzika mlendo.

Ndinaima pamsewupo kumuyang'ana akubwerera. Chimanga chinali chachitali, sanachedwe kubisika. Galimoto ya nsomba yopita kumtunda inadutsa cha m'ma thu koloko, ndinaiimitsa. Papita zaka zitatu tsopano. Ndimapita ku Nsefu miyezi ingapo iliyonse, mwana amandidziwa, amandithamangira. Mayi ake amandipatsa moni, amandifunsa za ku Jumbe, n'kulowa m'nyumba mpaka nditachoka.